Njinga ya Malemu Yawoloka Nyanja

Moni kwa inu nonse owerenga, kulikonse kumene tsamba lino lakupezani. Tiyamike Mulungu amene watidzutsanso ndi mpweya m'mphuno, ndipo inunso zikomo posatopa ndi nkhani ya ana awiriwa. Kwa amene mwangofika kumene, Modesta ndi mtsikana wa kumapiri a Msakambewa ku Dowa, mwana mmodzi yekha wa malemu a Yosefe amene anali mlaliki. Filipo ndi mnyamata wa ku Ntchisi, woyimba besi m'kwaya. Chikole anapereka chaka chatha, nsalu ziwiri ndi kafoni, koma ankhoswe sanakhale pansi chifukwa maliro a bambo ake a Modesta analowa pakati. Anagwirizana kuti za ukwati zidikire chiliza.

*

Kutatsala masiku anayi kuti ulendo uyambe, Filipo anafika pabwalo la tchalitchi atasenza njinga paphewa, tayala lakutsogolo likulendewera ngati khosi la nkhuku yophedwa. Modesta anali akusesa pakhomo. Anaika tsache pansi n'kugwira m'chiuno.

"Kodi lero mwasinthana? Iyo ndiye yakwera inu?"

"Usaseke, Mode. Felemu yathyoka potsikira kumtsinje paja. Wowotcherera wati akhoza kuilumikiza, koma ndikati nditsike nayo ku Nkhotakota, mundikonzeretu bokosi."

Ulendowo unali wa anthu khumi ndi awiri a m'mipingo ya ku Dowa ndi ku Ntchisi. Anapangana zopalasa njinga kukacheza ndi Akhristu anzawo ku Mozambiki, atanyamula mabuku a nyimbo. Njira inali yotsika mapiri mpaka ku Nkhotakota, kukweza njinga m'sitima ya pamadzi, kuwoloka nyanja, kenako kupalasa masiku asanu kutsidyako. Chaka chonse Filipo anali akukwera zitunda m'mawa uliwonse pokonzekera, ndipo pasipoti anali nayo kale m'thumba.

"Nanga osabwereka?"

"Ndazungulira midzi itatu. Aliyense akangomva kuti njinga ikwera sitima, akuti yake ili ndi ntchito. A Blessed, aneba athu aja, achita kundifunsa ngati njinga imadziwa kusambira." Filipo anakhala pamwala n'kugwira mutu. "Ndinawinda, Mode. Amayi atadzuka pamatenda aja ndinagwada n'kulonjeza kuti ndidzapita. Tsono ndikamuuze Mulungu kuti felemu?"

Modesta anayang'ana kumunsi, kunyumba kwawo. M'chipinda chakumapeto munali njinga ya bambo ake, yakuda, yolimba, ya kaliyala wamkulu, imene inanyamula mlalikiyo zaka makumi awiri. Koma pamtundu pawo panali lamulo. Katundu wa malemu sakhudzidwa, sabwerekedwa, satuluka pakhomo mpaka chiliza chitamangidwa ndipo abale atakhala pansi kugawa. A Susana, mlongo wawo wa malemuwo, anakhoma loko pachitsekocho tsiku lomwe anthu anabwera kumanda, kiyi n'kumanga kunsonga ya nsalu yawo.

"Kiyi wina alipo," anatero Modesta motsitsa mawu. "Ali m'thumba la jekete ya bambo imene azakhali anaiwala kutsekera."

"Ayi. Katundu wa malemu? Azakhali ako angandidye wamoyo."

"Chiliza chili patsogolo masabata atatu. Inu mukakhala masabata awiri okha. Mukabwera tiibweza pamalo pake, tiithira fumbi pang'ono, basi. Bambo anga njinga imeneyo sanaigulire kunyamula fodya. Akanakhala moyo, bwenzi akupopera okha matayala."

"Nanga Obed? Waiwala kuti ali pa ulendo womwewu? Njinga ya amalume ake angaisowe?"

"Obed ndilankhula naye ndine. Ndi msuweni wanga uja, choipa chake ndi pakamwa pokha."

*

Obed, mwana wa a Susana, anampeza akutsuka njinga yake yatsopano ya magiya kuseri kwa chigafa. Atamuona anaponya sanza m'beseni.

"Wafika, mkazi wanga? Ndimadziwa kuti tsiku lina uzindikira kumene kuli nyumba ya malata."

"Mkazi wako ali kumsika, akuthamangitsa ntchentche pa bonya."

Umu ndi mmene asuweni amanyozerana, ndipo palibe amene amakwiya. Koma Obed anasiya kalekale kunena mawuwo mwanthabwala. Amayi akenso ankafuna zomwezo, kuti munda wa malemu usadyedwe ndi mlendo.

Modesta anafotokoza zonse, osabisa kanthu. Obed anamvetsera akuzungulitsa tayala ndi chala.

"Njinga ya amalume. Imene pa chiliza iyenera kugwera ine."

"Angobwereka, Obed."

"Amabwereka zambiri mnyamata ameneyu. Anayamba ndi iwe."

"Ngati ukana, kana. Usandinyoze."

Obed anaseka, kenako nkhope inafewa ngati ya munthu amene wakhudzidwa ndi ulaliki. "Ndikanirenji? Ntchito yake ndi ya Mulungu. Pakamwa panga ndasoka. Komanso amuna akowo nyanja anaionera pa kalendala yokha, sitima sanakwerepo. Ine ndinawolokapo kawiri. Ndikawathandiza ndekha, usadandaule."

Modesta anamugwira dzanja ndi manja awiri. "Mulungu akudalitse, msuweni."

"Andidalitsa ndithu," anatero Obed.

*

Loweruka masana, amayi ake ali kumsonkhano wa amayi a mpingo, Modesta anatsegula chipinda chija. Munkanunkha girisi ndi sopo wa bambo ake. Anaima kaye pang'ono, kenako anatsitsa njingayo n'kuikankha kudzera m'chinangwa mpaka pamene Filipo ankadikira. Anamupatsanso risiti yakale imene anaipeza m'buku la nyimbo la malemu.

"Akuti pachipata cha m'malire amafunsa pepala la njinga. Nambala ya felemu ili pomwepo."

Filipo anasisita chishalo chimene chinali chitapendekera mbali imodzi, mmene mwini wake ankakhalira. "Ndiisamala ngati ndanyamula iweyo."

"Ine mukanandigwetsa pachitunda choyamba. Pitani, anthu angatione."

Lamulungu atatuluka m'mapemphero, gululo linanyamuka pa Boma la Ntchisi. Mauthenga anayamba kugwa m'kafoni ka Modesta.

"Tatsika phiri. Mabuleki a bambo ako akulira ngati ana a mbuzi koma akugwira."

"Mwadya?"

"Obed wandigulira chinangwa chokazinga. Tinamuweruza molakwa munthuyu."

"Ndinakuuzani."

"Mawa ndikakuimbira ndili pakati pa madzi, umve mmene besi imamvekera panyanja."

*

Lolemba dzuwa lili paliwombo, doko la Nkhotakota linali litadzaza anthu, matumba a ufa, malata ndi nkhuku zomanga miyendo. Filipo anayembekeza kuti sitima ifika pamtunda ngati basi, munthu n'kukankhira njinga yake m'kati. Anadabwa kuiona itaima kutali, pamadzi akuya, maboti ang'onoang'ono ndiwo akupita ndi kubwera.

"Siifika pano, achimwene," anatero Obed. "Pano m'posaya. Bweretsani sipanala."

Anamuonetsa zonse moleza mtima. Anamasula mapedulo n'kuwamangirira ku felemu. Anatembenuza mahandulo kuti agone motsata njinga, isakole katundu wa anthu. Tcheni anachipaka girisi n'kuchikulunga ndi chiguduli. Mpweya anauphwetsako pang'ono, akuti chitsulo cha sitima chimatentha, chubu chingaphulike. Kenako analemba dzina pakachikwangwani n'kumangirira kuchishalo.

"Tsopano njinga zitsogola ndi katundu. Anthu akwera pambuyo."

"Ine ndipita ndi yanga," anatero Filipo.

"Salola. Boti la katundu limatenga munthu mmodzi woyang'anira, ndipo gulu lasankha ine. Kapena simukundikhulupirira?"

Filipo anachita manyazi. Obed anapinda buluku, n'kusenza njinga ya malemu pamutu, n'kulowa m'madzi mpaka m'chiuno. Anzawo anaombera m'manja. Filipo anaima pamchenga akuyang'ana botilo mpaka linafika pambali pa sitima, ndipo anaona njinga yakuda ija ikukokedwa ndi chingwe, ikuzungulira m'mwamba, kenako n'kulowa m'mimba mwa sitimayo. Mtima wake unadzaza chiyamiko. Sanaone kuti Obed, atangofika pamwamba, anatulutsa foni. Si lero lokha, owerenga anga, pamene munthu waperekedwa ndi mnzake wosunsa naye m'mbale imodzi.

Mzere wa anthu unayenda pang'onopang'ono. Filipo atatsala pang'ono kuponda madzi, wina anamugwira paphewa. Anali wapolisi.

"Filipo wa ku Ntchisi ndinu? Talandira dandaulo lochokera ku Dowa. Njinga yakuda, ya kaliyala wamkulu. Pepala lake muli nalo?"

Filipo anatulutsa risiti ija mosangalala, poganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Wapolisiyo anawerenga kawiri.

"Apa palembedwa Yosefe. A Yosefe ali kuti?"

"Anamwalira, bwana."

"Ndiye anakubwerekani ali kumanda?"

Anthu a pamzere anaseka. Mayi wina wosenza dengu anakuwa kuti, "Akuba a masiku ano amanyamula mabuku a nyimbo!"

"Anandipatsa ndi mwana wawo, bwana. Ndi chibwenzi changa, ndinapereka chikole. Muimbireni, nambala yake nayi, akuuzani yekha."

*

Nthawi imeneyo n'kuti pakhomo pa a Modesta patadzaza anthu. A Susana anali atakhala pampando pakati pa bwalo, loko ali m'manja. Chipinda chinali chotsegula. Amayi ake a Modesta, a Margareta, anali atakhala pansi, nsalu itafundidwa kumutu.

"Taonani nonse," anatero a Susana akukweza lokoyo. "Ndi wosathyola. Watsegulidwa ndi kiyi. Mchimwene wanga sanaume n'komwe m'manda, anthu ayamba kale kumuvula."

"Alamu, ine sindikudziwa kanthu," anatero a Margareta.

"Mudziwa lero. Inu munabwera pano ndi chitengwa. Munda uwu ndi wa makolo athu, nyumba iyi ndi ya mchimwene wanga. Takusungani chifukwa cha chisoni. Koma ngati dzanja limene latsegula loko uyu ndi la m'nyumba muno, kaya lanu kaya la mwana wanu, dzuwa lisanalowe mumange mitolo. Mubwerere kwanu."

Aliyense pabwalopo ankadziwa kuti kwawo kwa a Margareta kunalibenso ngakhale mzere umodzi wa munda. Anachokako zaka makumi atatu zapitazo, ndipo amene akanawalandira onse anagona.

"Koma ngati ndi mlendo uja amene amabwera kudzakhala pakhonde ngati mwini mudzi," anapitiriza a Susana, "ngati ndiye anapeza kiyi n'kuchita zake, inu mulibe mlandu. Mukhala."

Kafoni kanalira m'manja mwa Modesta. A Susana anatambasula dzanja, n'kukayankha okha, n'kukatsegula kuti bwalo lonse limve.

"Ndikulankhula ndi a Modesta? Kuno ndi ku Nkhotakota. Pano pali mnyamata akuti njinga ya bambo anu munamupatsa ndinu. N'zoona?"

Kumbuyo kwa mawuwo kunkamveka phokoso la madzi ndi anthu, kenako mawu a Filipo, odekha, opanda mantha konse. "Mode, ndine. Ingowauza mmene zinakhalira. Boti latsala limodzi."

Modesta anayang'ana amayi ake. Sanadzutse mutu.

"Sindinamupatse."

"Kweza mawu," anatero a Susana. "Abwana sanamve."

"Sindinamupatse."

"Mode?" anatero Filipo. "Mode, wamva funso lake?"

"Mayi, ganizani bwino," anatero wapolisiyo. "Mawu anuwa amumangitsa munthuyu. Za njingayi simukudziwapo kanthu?"

"Sindikudziwapo kanthu."

Kunali masana, ndipo palibe tambala amene analira. Koma Modesta anathamangira kuseri kwa nkhokwe, n'kugwa chafufumimba, n'kulira mpaka mawu anatha.

*

Wapolisi anafunsa kuti njingayo itsitsidwe. A m'sitima anayankha kuti ili pansi pa matumba mazana awiri, chitseko cha katundu atseka kale, ndipo nthawi yawo yakwana. Apo Obed anaimba foni ali m'sitima momwemo. Anati iye ndi mphwake wa malemu, mwana wa mayi amene wadandaula, ndipo aisunga yekha mpaka adzaipereke m'manja mwa abale. A Susana anavomereza pafoni.

Anzake a pa ulendo anamuzungulira Filipo kanthawi kochepa. Mtsogoleri wawo anapemphera mwachidule, maso ali ku boti. Pomaliza anamuuza kuti, "Mbale, mabuku amene uli nawowo tipatse, akufunika kutsidya. Ukanatiuza zoona, bwenzi titakuthandiza." Anatenga mabukuwo n'kulowa m'madzi. Ali m'boti anayambitsa nyimbo ya ulendo imene anaiphunzira miyezi itatu. Inamveka yopyapyala, yopanda besi, koma anaimaliza.

Filipo anakhala pamchenga wotentha, unyolo uli m'manja, pasipoti ili m'thumba. Sitima inaliza lipenga lake n'kutembenuka. Njinga inawoloka nyanja, iye n'kutsala.

"Chibwenzi chanucho," anatero wapolisi pomudzutsa, "chikole munapereka chochuluka bwanji?"

Filipo anadzuka n'kumutsatira.

*

Tsiku lotsatira chithunzi chinafika m'kafoni ka Modesta. Obed anali ataima pamsewu wofiira wa kutsidya, atakwera njinga ya malemu, yake ya magiya atabwereketsa mnzake. Pansi pake analemba kuti: "Ikuyenda bwino ikakhala ndi mwini wake. Pa chiliza ndidzalowa nayo pabwalo ndikuliza belu. Udzandilandire bwino, mkazi wanga."

Modesta analemba kuti, "Unalonjeza."

"Ndinalonjeza kumuthandiza kukweza njinga. Siinakwere?"

Analembera Filipo kasanu. Palibe uthenga umene unafika.

*

Lachinayi m'mawa kunabwera amalume ake a Modesta, a Alexio, mlongo wawo wa a Margareta, amene anayenera kudzakhala nkhoswe pa ukwatiwo. Anali atachokera kumene ankasungira Filipo. Anakana mpando, anakana madzi. A Susana, amene masiku onsewo sankachoka pakhomopo, anasendeza mpando wawo pafupi.

"Mwamuona, amalume?" anafunsa Modesta atagwada.

"Ndamuona. Wawonda masiku atatu okha. Amayi ake agona pakhomo pa polisi kuyambira Lachiwiri, ndipo matenda aja ayambiranso."

"Wati chiyani za ine?"

"Za iwe? Kanthu. Ndi pamene pavuta pomwepo. Chichokereni pafoni paja, dzina lako sanalitchulenso. Amufunsa kuti wavomera kuba, akuti kuba sindinabe. Amufunsa kuti nanga anakupatsa ndani, akuti zimenezo sindinenanso. Ndamuchonderera ine ndemwe kuti angovomera, mwina amumvera chisoni. Wandiyankha kuti, amalume, bodza sindinena, komanso munthu sindimugwetsa. Zatsala kwa amene akudziwa."

Modesta anaphimba nkhope ndi manja.

"Wouma mutu," anatero a Susana. "Akaumira kundende."

A Alexio anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa pepala lopinda, lokhala ndi chidindo. Analigwira kanthawi, ngati akufuna kulibweza m'thumba, kenako analiika pansi patsogolo pa mtsikanayo.

"Popeza wakana mlandu, nkhani ilowa m'khothi Lachiwiri likudzali. Masamoni ndi awa. Mboni yoyamba ndiwe, Modesta. Zimene unanena pafoni ukazinenanso uko, iye ataima patsogolo pako, iwe utagwira Baibulo."

"Amalume, sindingathe."

"Utha," anatero a Susana akudzuka n'kukutumula nsalu. "Unatha Lolemba. Ine ndidzakhala pabenchi yakutsogolo, amako ali pambali panga. Ndipo alamu, mitolo ija mumangiretu Lolemba madzulo, muiike pakhonde. Tikadzabwera kukhothi, ndi pamene tidzadziwe ngati ilowanso m'nyumba kapena ikwera ngolo."

A Margareta anadzuka. Analowa m'nyumba, ndipo posakhalitsa kunamveka mbale zikugundana, akuziika m'dengu.

*

Mulungu wa ana amasiye ndi akazi amasiye akusungeni inu owerenga. Lilime lanu lisadzaikidwe pa sikelo yotere, ndipo ngati tsiku limenelo lidzakufikirani, akugwireni dzanja kuti musagwe. Mtendere ukhale pakhomo panu. Amen.